Tsiku limene majezi anachoka pachingwe

Nyumba imene tinkakhala kukomboni ya esiteti tinaipeza chifukwa cha mpira. Bambo a mwana wanga anali goloboyi wa timu ya esitetiyo, ndipo aliyense wosewera ankapatsidwa ntchito mufakitale ndi nyumba ya malata ya zipinda ziwiri. Timu inali ya kampani, bwalo la kampani, ngakhale lole yowatengera kokasewera inali yomwe ija yonyamula tiyi. Ine yanga inali yochapa majezi. Lolemba akapitawo ankabwera nawo m'thumba pamodzi ndi sopo, Lachitatu n'kudzawatenga.

Chaka chimenecho timu inkangogonja. Bwana manijala watsopano za mpira analibe nazo ntchito. Nsapato zitatha sanagule zina, ndipo osewera ankalowa m'bwalo atangochoka pashifiti. Masapota anayamba kuimba kuti bwana asiye timu, aipereke kwa anthu. Woyambitsa nyimbo anali alamu anga, akulu awo a bambo a mwana. Iwo amapalasa kabaza ku Khonjeni, sadya za kampani.

Lachiwiri lina m'mawa, ndili ndi mwana kumsana, nditangomaliza kuyanika, ndinaona alamu akubwera ndi chigulu cha anthu. Ankapita kuofesi kukasiya kalata ya madandaulo.

"Mwadzuka bwanji alamu? Tibwerekeni zovalazi, tibweza dzuwa lisanapendeke."

"Si zanga izi alamu, ndi za kampani."

"Za kampani? Thukuta mwachapalo ndi la kampani? Mng'ono wanga akudumpha pagolo nsapato zitayasama ngati mlamba, inu mukuti kampani!"

Anthu anaseka. Mayi wina kumbuyo anati, "Asiyeni, akuopa kuti sopo awalanda."

Kwathu kuno alamu aakulu suwakaniza chinthu pagulu, ndiye kuti wanyoza mtundu wonse wa amuna ako. Ndinafunafuna mawu, amene ndinapeza ndi akuti, "Komatu sizinaume." Anavala zonyowa zomwezo. Alamu anatenga jezi yakuda ya manja aatali, ya goloboyi, n'kutsogola. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akudutsa m'tinjira ta m'munda wa tiyi. Iwo ndi mng'ono wawoyo ndi ofanana msinkhu ndi mayendedwe omwe. Ngakhale ine, atafika patali, ndinkangoona ngati ndi amuna anga.

Masana anabwezadi majezi, ali mbuu dothi lofiira. Ndinachapanso, n'kuwapinda bwinobwino.

Lachisanu bambo a mwana anaitanidwa kuofesi. Bwana anati anawaona ndi maso awo pawindo akutsogolera chipolowe. Iwo anafotokoza kuti tsiku limenelo anali pashifiti, akapitawo n'kuvomera. Bwana anangofunsa kuti, nanga zovalazo zinachokera pakhomo pa ndani? Ndiye anati anthu akufuna timu, aitenge. Mipira, maukonde ndi majezi anazitsekera mustolo. Ntchito za osewera zinali zoti zitha pakutha pa mwezi, nyumba n'kubweza.

Madzulo ake masapota anavina pamsika, akuti timu tsopano ndi yathu. Anakumana pansi pa mabulugama, anasankha komiti, alamu n'kukhala wapampando. Ine ndinkamva ng'omazo ndili m'nyumba, ndikuyang'ana makoma amene ndinapaka ndekha laimu mwana asanabadwe.

Masewero oyamba a timu ya anthu anali ku Luchenza. Lole panalibe. Ena anakwera kabaza, ena wapansi, anafika osewera asanu ndi mmodzi basi, aliyense malaya akeake. Oyimbira anadikira, kenako anapereka chipambano kwa eni bwalo. Sabata yotsatira kampani inayamba kuzika mitengo pabwalo lathu, akuti pakhala nazale ya mbande za tiyi.

Ndinapita ndekha kwa akapitawo kukapepesa. Ndinagwada, ndinati cholakwa ndi changa, chotsani ine pa zochapa, nyumba mutisiyire. Anandimvera chisoni ndithu. Anati, "Mayi, dzukani. Ine ndimangonyamula mawu, sindiwapanga."

Alamu anabwera ndi mkoko wa nthochi. "Pirirani alamu, zinthu zabwino zimayamba movuta chonchi." Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Bambo a mwana sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Anangoti, "Mukanakana bwanji, mayi a mwana? Ndi akulu anga aja." Mwina akanakalipa ndikanapeza polirira.

Mwezi utatha akapitawo anabwera kudzaona ngati mawindo ndi zitseko zili bwino, ndinawapatsa kiyi. Katundu tinamangirira panjinga ziwiri kupita kwa mayi anga kufupi ndi Bvumbwe, kumene tikukhala m'kachipinda kamene kale ankasungiramo chimanga. Bambo a mwana amathandiza kugulitsa tomato pamsewu. Loweruka alamu amaimbabe foni kuti timu ilibe goloboyi, ndipo iwo amapita. Amabwerako mawondo atasupuka, ine ndimawatenthetsera madzi.