Masamba Anayi Amene Ndinang'amba

Pasukulu yathu yoyendera, kufupi ndi Nsipe, buku la nthano la Chingerezi la Fomu 3 linali limodzi lokha. Aphunzitsi ankatiwerengera m'kalasi, ndipo Lachisanu lililonse ankabwereka mwana mmodzi kuti akhale nalo mpaka Lolemba. Likafika kwa iwe linkanunkha kwawo kwa amene wachoka nalo, utsi kapena parafini.

Nkhani yake inali ya mnyamata wa kudziko lina amene bambo ake anapita kukagwira ntchito kumigodi. Nthawi yanga itakwana, ndinaliwerenga Loweruka masana ndikudikirira pabenchi ya amayi pamsika, mpaka ndinapitirira pamene kalasi inalekezera. Pamutu wachisanu ndi chiwiri mnyamatayo amamva kuti bambo ake ali moyo, ali ndi mkazi wina ndi ana ena, ndipo anzake onse ankadziwa kale.

Mutuwo ndinauwerenga katatu. Bambo anga anapita ku Joni ndili Sitandade 2, makalata n'kuleka ndili Sitandade 4. Kumudzi tinkadziwika kuti ndife ana a mtchona, koma kusukulu ndinkauza atsikana anzanga kuti bambo amatumiza katundu Khirisimasi iliyonse. Ngakhale juzi ya pakaunjika ndinkati yachokera ku Joni. Bodzali ndinalilera bwino zaka zitatu.

Tsono aphunzitsi athu anali ndi chizolowezi chimene ndinkadana nacho. Akamaliza mutu ankavula magalasi n'kufunsa kuti, “Ndani zoterezi zinachitikapo kwawo?” Ndipo kumbuyo kunkakhala anyamata awiri a m'mudzi mwathu, apakamwa ngati wailesi. Ndinang'amba masamba anayi a mutu uja n'kukawaponya m'chimbudzi. Lolemba ndinabweza buku nkhope ili gwa.

Panapita milungu itatu. Tsiku limene kalasi inafika pamutu uja, aphunzitsi anatembenuza tsamba, n'kubwereranso, n'kuyang'ana manambala. Sanakalipe. Anatiuza kuti bukuli analiwerenga kalekale ali kukoleji, mutuwu akuukumbukira pang'ono chabe, ndipo lina loti n'kubwereka kulibe mpaka kuboma.

“Mayeso sadziwa kuti masamba anasowa,” anatero. “Mwa inu amene munalitengapo, alipo anafika pamenepa?”

Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki, mwana wa mwini golosale, anali atajambula kale mzere pansi pa mutu m'kope mwake, akudikira zolemba. Ameneyo sankasewera ndi sukulu, ankafuna unamwino. Ndinachita manyazi ndi tsamba lake lopanda kanthu kuposa mmene ndinkaopera anyamata aja. Ndinaimirira.

Ndinayamba bwino, m'Chingerezi changa chopunthwapunthwa, anzanga akulemba. Ndinafotokoza za munthu wobwera kuchokera kumigodi amene anaulula nkhaniyo. Kenako, sindidziwa kuti zinalowa bwanji, ndinanena kuti mnyamatayo ankati basi ikaima amayang'ana mwamuna aliyense wotsika ndi chikwama. Ndinanenanso kuti mayi ake chaka chilichonse, mvula ikatha, ankatulutsa jekete ya bamboyo m'sutikesi n'kuiyanika kuseri kwa nyumba, kumene anthu odutsa sangaione.

Aphunzitsi anakweza dzanja. M'phunziro lawo Chichewa chinali choletsedwa, wolankhula ankakatchetcha udzu, koma iwo anandilankhula m'Chichewa.

“Iwe, za jeketezo m'buku muja munalibe.”

Mmodzi wa anyamata aja anatsokomola. Ndinadikira kuti aseke. Ndinadziwa kuti aphunzitsi azindikira zonse ziwiri, za masamba ndi za kwathu.

“Munalibe, sala,” ndinayankha. “Ndi za amayi anga.”

Anandiyang'ana kanthawi, n'kuvalanso magalasi. “Pitiriza. Enanu lembani.”

Ndinapitiriza mpaka belu. Palibe anaseka, ndipo funso lawo lija tsiku limenelo sanafunse. Za masamba sanandipatse chilango, chimene mpaka lero chimandinyansa pang'ono, chifukwa kutchetcha udzu kukanandipepukira.

Pamayeso a kumapeto kwa teremu panabwera funso la mutu umenewo. Pobweza mapepala, mnzanga wa padesiki anandionetsa lake. Anali atalemba ndime yathunthu ya mayi woyanika jekete kuseri kwa nyumba, ndipo aphunzitsi anachonga. Ndinatenga la mtsikana wa kutsogolo, zomwezo. Ine ndekha, kalasi yonse, ndi amene ndinalemba zimene zinali m'buku.