Wotithirira Mchere

Mawu amene ndinkadana nawo kwambiri pakhomo panga anali akuti: "Iwe mwana, tabwera udzandithirire mchere." Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana kamwana kuti kamuthirire. Ife tinalibe mwana, choncho akazi anga ankaima pakhonde n'kuitana wa eni ake. Mudzi wonse unkamva, n'kudziwa kuti kwa aphunzitsi mwezi unonso kuli zii.

Ndinali mkamwini kufupi ndi Nsaru, ndikuphunzitsa pa kasukulu kaudzu ka mishoni. Tinakwatirana tili ana, koma pamene nkhondo ya azungu inkatenga anyamata kupita ku usilikali, imvi zinali zitatiyamba tonse awiri. Anzawo onse ankatchedwa amake auje. Akazi anga okha ankaitanidwabe ndi mfunda ngati namwali. Ine sindine munthu wofatsa. Mlamu wanga wina atanena pamowa kuti ndikungotha nkhuku za m'mudzi mwawo, ndinamuswera chipanda pamutu, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Chaka chimenecho, chimanga chikumasula, kuitana kuja kunaleka. Mwezi unatha, unzake unathanso. Ndinalephera kupirira, ndinafunsa.

"Musadzinamize, aphunzitsi," anatero akazi anga. "Ndasiya kusamba. Ndakalamba basi. Amayi anganso anasiya pamsinkhu womwewu."

Pasanapite nthawi mlongo wanga anatulukira kuchokera kwathu kwa Kabudula.

"Achimwene, mufera kuno osasiya kanthu? Kwathu kuli mtsikana, makolo ake avomera kale."

"Wakutuma ndani iwe?"

"Alamu anga omwewa."

Ndinacheuka. Akazi anga ankapeta mphale, maso ali m'lichero.

"Pitani," anatero. "Mukaoneko nkhope yanu pa mwana. Ine ndakusungani mokwanira."

"Ndinakwatira inu, sindinakwatire mimba!"

Ndinamenya mtondo ndi phazi, chala n'kutupa sabata yonse. Koma mkwiyo wa mkamwini sulemera pamudzi pa eni. Atsibweni awo anali atagwirizana nazo kale: tikangogulitsa fodya, ankhoswe akhale pansi, ukwati uthe mwamtendere.

M'masiku amenewo akazi anga anayamba kufooka. Malovu kulavula pafupipafupi, fungo la fodya wa m'chigafa osafuna n'kulimva komwe. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akudya dothi la pachulu. Ine ndinati n'chisoni, iwonso anati n'chisoni. Ndinapalasa njinga mpaka kwa Msundwe kukawagulira sopo wonunkhira m'sitolo ya Asilamu kuti mtima wawo ukhaleko pansi. Atangomununkhiza anathamangira kuseri kukasanza. Ndinamuponya m'tchire sopoyo.

M'mawa wina, fodya atatsala pang'ono kupita kumsika, ndinamva phokoso panja. Ndinasuzumira: amayi a m'mudzi ali mbwee pabwalo, mphasa itayalidwa kale. Ndinati basi, abwera kudzandipirikitsa. Ndinavala jekete ndi tayi kuti ngati n'kuchoka ndichoke ngati munthu, ndipo ndinatuluka mtima uli m'mwamba.

"Khalani pamphasapo, akamwini," anatero namkungwi, gogo wamfupi wa dzino limodzi.

"Sindikhala! Ngati mwabwera kudzathetsa ukwati wanga, kaitaneni amuna anzanga tilankhulane!"

"Tamuonani tambala uyu. Ukali wonsewu n'chifukwa chake anachedwa, eti?"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Awiri anandikoka jekete, ndinapezeka ndakhala pambali pa akazi anga. Gogo uja anatapa ufa n'kuwathira akazi anga pamutu, nthungululu n'kuphulika.

"Mwana wathuyu ali ndi pakati. Ife tinaona kale pamayendedwe, tinkangodikira kuti pakhwime."

"Amayi, musandiseke," anatero akazi anga. "Ine ndinasiya."

Gogoyo anawagwira dzanja n'kuliika pamimba pawo, n'kulikanikiza pamenepo.

"Nanga chikugundachi ndi nyemba?"

Akazi anga sanachotse dzanja pamimbapo. Kenaka ndinaona nkhope yawo ikusintha. Sanalire mokweza ayi, misozi inkangotsika n'kumapanga tinjira mu ufa.

Chimene anadzera amayiwo chinali chisamba, mwambo wolangiza mkazi wa mimba yoyamba pamodzi ndi mwamuna wake. Amachitira atsikana; ife anatichitira tili ndi imvi. Ena mwa otilangizawo ndinawaphunzitsa ndine kulemba a, e, i pamchenga, koma tsikulo anandikhaulitsa.

"Aphunzitsi, maso kunja ayi, mwamva? Mukapita kumbali mupha anthu awiri."

"Ndamva."

"Mokweza, monga munkatiuzira ife!"

"Ndamva!"

"Ndipo chingwe chili m'khosicho muvule. Mungamange mwana m'mimba."

Ine amene ndinkatsutsana ndi abambo a kumishoni mpaka kumenya tebulo, ndinavula tayi mwakachetechete n'kumuika m'thumba. Sindinkakhulupirira zimenezo, koma sindinamuvalenso mpaka mwana atabadwa. Akulu a sukulu atandifunsa, ndinati wadyedwa ndi chiswe.

Fodya tinagulitsa, ankhoswe sanakhale pansi. Mantha okha ndiye analipo, poti aliyense ankanong'ona kuti mafupa a munthu wamkulu ndi ouma. Koma mvula yoyamba itagwa, mwana wamkazi anabadwa, wamoyo, wolira mwaukali moti azamba anati bambo wake n'ngosachita kufunsa.

Patapita zaka zingapo, ndikukonza njinga pakhonde, ndinamvanso mawu aja kuchokera kukhitchini: "Iwe, tabwera udzandithirire mchere." Mtima unadumpha monga kale. Kenaka kamtsikana kanga kanatuluka kuseri kwa nyumba, matope ali m'miyendo, kakuthamanga. Kanathira wambiri zedi, ndiwo zinawawa. Ndinadya zonse.