Duwa la alamu la ku Zobue

Abale, mwaswera?

Mukulikumbukira duwa lija alamu anga, amake Tadala, anabwera nalo kuchokera ku Zobue, lamawangamawanga achikasu lija? Ankanyadira kuti ndi mtundu wachilendo. Nditawauza kuti likudwala, anati ndi nsanje.

Lero kunabwera alangizi a zaulimi. Atangotembenuza tsamba limodzi, kunsi kwake nsabwe zili mbwee! Akuti mawangawo ndi matenda a vayirasi, amafala ndi nsabwezo, ndipo alibe mankhwala. Alamu azula okha n'kuwotcha, osandiyang'ana n'komwe.

Maluwa anga onse ali bwinobwino, chifukwa nthambi yawo ndinaikana, miphika yanga n'kuisamutsira kuseri.

Koma azakhali a ku Thambani anathyolako kale nthambi zitatu pa duwa la alamulo, anakabzala kutchalitchi. Akawauze ndani? Ine ayi, paja ndine wansanje.