Dzanzi m'Dzanja Lojambulira

Chizindikiro choyamba chinali dzanzi. Munali m'mwezi wa Marichi chaka chatha, mvula ikadali pakati. Ndikadzuka m'mawa, chala chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati cha dzanja lamanja zinkakhala ngati si zanga. Ndinkaziviika m'madzi ofunda, zikatsitsimuka n'kuyamba ntchito.

Ntchito yanga ndi kujambula makatuni. Ndimakhala ku Kande ndi amayi anga komanso mwana wanga wamkazi. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikutulutsa pa intaneti nkhani ya Nyamanda, mayi wapakamwa amene amagula usipa kunyanja n'kukaugulitsa kumtunda. Ndinkatulutsa tsamba limodzi sabata iliyonse. Wowerenga amalimaliza minibasi isanadzaze, koma ine sabata yonse inkathera pomwepo. Ndimayamba ndi kulemba zoti zichitike, n'kudula mawu mpaka akwane m'timabokosi. Kenako ndimajambula ndi pensulo papepala, kufufuta nkhope imodzi kambirimbiri kufikira nsidze zitaonetsa kuti Nyamanda wakwiya koma akufuna kuseka. Zikatero ndimasamutsira pa tabuleti, kutsata mzere uliwonse ndi cholembera chake, kupaka mitundu, kuika mithunzi, n'kulembamo mawu. Kuti ndidziwe mmene mayi amagwirira beseni la nsomba polikweza kumutu, ndinatha miyezi ndikupenyerera amayi padoko.

Dzanzi litayamba kukhalitsa mpaka masana, ndinawauza amayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Anthu akudwala ndi khasu, iwe ukudwala ndi pensulo?" Sananene mwankhanza, iwo akhala akulima ndi kusenda chinangwa moyo wawo wonse. Koma mawu amenewa ndi omwe ndinkawamva kulikonse, kumsika, kutchalitchi, ngakhale kwa anthu amene ankaseka ndi makatuni angawo: kuti ndimangosewera ndi tizidole. Ndinachita manyazi kukaima pamzere wa odwala ndi matenda a pensulo, ndipo kuchipatala sindinapite. Mpaka lero zimandikwiyitsa kuti munthu angakutseke pakamwa ndi chiganizo chimodzi chokha.

Pofika Juni, mwera utayamba kuwomba, ululu unkakwera kuchokera pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono. Kufinya zovala kunakanika. Mpeni unkandipulumuka posenda chinangwa. Mabatani a yunifolomu ya mwana wanga ndinkalimbana nawo ngati kamwana kongophunzira kuvala. Mizere yanga pa tabuleti inayamba kukhotakhota. Apa m'pamene ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anandipatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kunditumiza kuchipatala cha boma.

Kumeneko ndinafika m'mamawa n'kupeza mabenchi atadzaza kale. Tinkasuntha pang'onopang'ono, aliyense buku lake m'manja, ndipo ndinalowa kwa dokotala wa mafupa dzuwa litapendeka. Anali bambo wa ku Dedza, wolankhula mofatsa. Anagogoda pamfundo ya dzanja langa ndi chala chake, ine n'kumva ngati magetsi andigwira mpaka kunsonga za zala. Anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinayankha motsitsa mawu, ndikuyembekezera kusekedwa.

"Ntchito yolemera imeneyo," iye anatero. "Osoka ndi akalipentala amabwera ndi vuto lomweli. Mtsempha wopita kuzala wapanikizika pamfundopa chifukwa chogwira chinthu chimodzimodzi nthawi yaitali."

Anandiika chikhakha chatheka chomangira ndi bandeji, n'kundiletsa kujambula kufikira atadzandionanso. Ndinalemba patsamba langa ndi dzanja lamanzere kuti Nyamanda wapuma kaye chifukwa ndadwala. Ena anapepesa. Ena anafunsa ngati kujambula n'kulima. Wina analemba kuti ndayamba matama chifukwa ndatchuka.

Zimenezo ndikanatha kuzipirira. Chimene chinandiposa mphamvu chinachokera m'banja momwemu. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amagwira ntchito pa loji ina kunyanja ndipo amakonda zapafoni. Anatenga masamba anga akale, kuwalowetsa m'pulogalamu ya pakompyuta imene imapanga yokha zithunzi, n'kuyamba kutumiza m'magulu a pafoni kuti Nyamanda akupitirira, dzina langa lili pansi pake. Anabwera kunyumba akumwetulira, foni ili m'manja.

"Mlamu, inu pumulani. Zimene mumachita sabata yonse, ine ndazichita tiyi asanazizire."

Ndinayang'ana zithunzizo. Nyamanda anasenza beseni popanda nkhata. Anali ndi chiuno cha mtsikana wa m'mafilimu, chikhalirecho ndi mayi wa ana asanu. Mabwato anali a kudziko lina, nsomba zake sindikuzidziwa, ndipo nkhope yake inali yofanana m'timabokosi tonse, kaya akukangana kaya akulira. Koma anthu ankazigawana, ena n'kumandiyamikira kuti ndachira msanga. Zaka zonse zimene ndinazunza maso ndi dzanja, ambiri sanaone n'komwe kusiyana. Ndinawathamangitsa alamuwo ndi mawu amene sindingawalembe pano.

Tsiku lomwelo ndinamasula chikhakha. Ndinajambula masamba angapo motsatizana, ndikumwa mankhwala a ululu ngati chiponde, kuti anthu aone Nyamanda weniweni. Masamba amenewo ndi abwino kuposa onse amene ndinajambulapo, sindikana. Koma pomwe ndinkamaliza, cholembera chinkangogwa chokha, ndipo mnofu wa patsinde pa chala chamanthu unali utayamba kuphwa.

Nditabwerera kuchipatala mu Ogasiti, dokotala uja sanandikalipire. Anayerekeza manja anga awiri n'kupukusa mutu. "Mukanabwera dzanzi litangoyamba, chikhakha chokha chikanakwanira. Pano pafunika opaleshoni." Ananditumiza ku Mzuzu, kumene analemba dzina langa n'kundiuza kuti ndidikire foni. Ndinadikira miyezi iwiri, dzanja lili pachifuwa, ndikudya ndi lamanzere.

Anandiitana mu Okutobala. Amayi anandiperekeza. Kuchipatalako anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi dzanja lokha, kotero ndinali maso, ndikumva madokotala akucheza kuseri kwa nsalu pamene ankang'amba pamfundo kuti mtsempha umasuke. Sizinatenge nthawi yaitali. Muwodi, mayi wina wa bedi loyandikana anafunsa chimene chinandichitikira, ndipo ndinamva amayi anga akuyankha kuti ndinavulala pantchito. Sitinakambiranepo za zimenezi, koma kuyambira pamenepo ankachapa zovala zanga ndi za mwana osadandaula.

Atachotsa ulusi ndinayamba mafizo. Ndinkafinya siponji m'madzi ofunda, kutola nyemba imodziimodzi kuchokera m'mbale, kugunditsa chala chamanthu ku zala zinazo. Mzere woyamba umene ndinajambula unali wokhota ngati wa mwana wa sitandade wani, ndipo ndinalira. Alamu anafufuta zithunzi zawo n'kupepesa, ngakhale amanenabe kuti ankangothandiza. Timapatsana moni. Mkwiyo sunathe wonse.

Pano ndikujambulanso, koma tsamba limodzi pa masabata awiri. Ndimaima kawirikawiri kuti ndiwongole zala, cholembera ndinachikulunga ndi nsalu kuti chinenepe, ndipo ululu ukayamba ndimasiya ngakhale nkhope ili theka. Nsonga ya chala chamkombaphala siimva bwino mpaka lero, ndipo madokotala anandiuza kuti mwina siidzamvanso.

Pamzere wa mafizo ndinkakhala ndi mayi wina wa ku Tukombo, telala, amene anapirira dzanzi zaka zambiri chifukwa panalibe chilonda choti aonetse anthu. Anabwera dzanja litafota kale. Makina ake anagulitsa. Tsiku lina chitenje chinamumasuka tikutuluka, iye n'kulephera kuchimanga, ndipo ndinamumangira ine ndi dzanja langa lachipserali.

Ngati zala zanu zikuchita dzanzi, zinthu zikukupulumukani, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musayembekezere kuti a pakhomo panu avomereze kaye kuti mukudwaladi. Dzanja likafota, iwo sadzakubwerekani lawo.