Alamu Anga ndi Mbozi za m'Chimanga

Chaka chimene amuna anga anamwalira, mbozi zinalowa m'chimanga chisanafike m'mawondo. Timagulugufe totuwa tija timaikira mazira pamasamba, ndipo mbozi zikaswa zimabisala mu nsonga n'kumadya kuchokera m'kati. Ndinayamba ndi phulusa losakaniza ndi mchenga, kuthira phesi ndi phesi mpaka zala zinang'ambika. Mbozi sizinamve.

Kwathu kuno munda ndi wa kuchimuna. Mkazi wamasiye ukamukanika, abale a mwamuna amautenga. Choncho ndinagulitsa mbuzi n'kukagula botolo la mankhwala ku boma ku Lundazi. Pampu yopopera anali nayo ndi alamu anga, ang'ono awo a malemu, munthu amene ndinkamuphikira ali pasukulu.

"Mulamu, osavutika," anatero. "Pampu ni yolema, si ya azimai. Bweletsani botolo, nizapopela ine."

Ndinathokoza chogwada, chitsiru ine.

Tsiku lopopera ndinawatengera mbatata yophika ndi thobwa kumunda. Ndinadabwa kuti sikukununkha, iwo n'kuti mankhwala a masiku ano alibe fungo. Atakhala pansi pa msuku, anakoka kampope ka pampu ija, n'kudzipopera m'manja, kusamba mpaka kumaso, n'kuyamba kusenda mbatata. Sanazindikire n'komwe chimene achita.

"Alamu, mankhwala amasamba kumaso?"

Anasiya kutafuna. "Yatha kale. Aya ni madzi yotsukila."

Theka la munda linali lisanapoperedwe, ndipo pampu inali yodzaza.

Ndinakauza apongozi, iwo anangoti nkhani za pachibale sazikuza. Mbuzi ina yogulitsa ndinalibe. Chimanga cha alamu kutsidya kwa njira chinabiriwira, changa masamba anabooka ngati sefa. Titakolola, abale atasonkhana, woyamba kuimirira anali alamu omwewo, chipewa m'manja, mawu achisoni, kunena kuti munda wa achimwene awo ukuwonongeka poti mayiyu wamukanika. Anandisiyira kachigawo ka kuseri kwa nyumba.

Mbuzi ija sindiilira. Chimandiwawa n'chakuti ndinawatengera thobwa, ndinachita kusankha mbatata zazikulu.

Chaka chino mbozi zabweranso. Dzulo alamu amapopera m'munda uja, ndipo mphepo inabweretsa fungo mpaka pakhomo panga. Linali lamphamvu moti ndinalowetsa ana m'nyumba.