Zipi Ikafika Pachibwano

Ku kampani yokonza nkhuku dzina lawo lenileni limadziwika ndi a muofesi okha. Ena onse, kuyambira oyendetsa magalimoto mpaka osesa, amangoti mayi Bulangeti. Dzinali linabwera ndi jekete yawo, ija ya nsalu yofewa ngati bulangeti la mwana, yopepuka koma yofunda. Itangogulidwa inali yaolenji. Lero mtundu wake palibe angautchule, yangofanana ndi dzungu lokhalitsa padzuwa. Pachigongono pali chigamba, pamimba pali kabowo kamene kanasungunuka ndi khala la mbaula, koma zipi yake ikadali ndi moyo. Ndipo aliyense amene anakanganapo nawo amadziwa kuti zipi ija ikakwera n'kufika pachibwano, nkhani yatha. Wofuna kupitiriza akayankhule ndi khoma.

Ntchito yawo ndi yolongedza nkhuku m'chipinda chozizira. Amaima patebulo lachitsulo kuyambira m'mawa, nkhuku ikafika amaipinda miyendo, kuilowetsa m'pepala, kuiika pasikelo, n'kulandira ina. M'chipindamo munthu ukamayankhula mpweya umatuluka ngati utsi, ndipo zala zimauma mpaka osamva kuti wadzicheka. Kampani imapereka chikhothi choyera chopyapyala, chothandiza maso a oyendera ntchito osati thupi la wovala. Mkati mwa chikhothicho ndi mmene mumakhala jekete ija, ikusunga mapewa amene nyamakazi inawapeza kalekale.

Koma wina akamaganiza kuti nkhani ndi kuzizira kokha, ndiye kuti mayiwa sakuwadziwa. Moyo wawo wonse anakhala akuvekedwa ndi anthu ena. Ali mwana ankavala zimene akulu awo azitaya. Atakwatiwa anagwa m'manja mwa mwamuna wokonda maonekedwe, amene ankasankha diresi, nsapato, ngakhale mtundu wa duku, ndipo akaona khwinya pabulauzi ankawabweza kuchokera pageti kuti akasite. Bamboyo atamwalira, anakagwira ntchito m'nyumba ya bwana wina, komwe anawaveka yunifolomu yothina m'khwapa ndi kaepuloni koyera ngati chidole cha m'sitolo. Sanadandaule, chifukwa ana awiri ankafunika kudya. Ndiye tsiku lina, atangoyamba kumene ku nkhuku kuja, akudutsa pa kaunjika dzanja lawo linagwera pa chinthu chofewa. Anachikoka, anachivala pomwepo, ndipo thupi lonse linangoti phee. Sanafunse munthu ngati chikuwakhala. Aka kanali koyamba kuvala chinthu chifukwa choti iwo eni ake achifuna, ndipo anali atayamba kale imvi.

Ana awo ndi aakazi awiri, ndipo chibadwire sanagwirizanepo pa chilichonse. Chisamba ndi telala, ali ndi shopu yake mumzere wa mashopu pafupi ndi siteji ya basi, ndipo amasokera akazi a mabwana. Iyeyu jekete ija inkamupweteka ngati chilonda. Ankati makasitomala akamaona mayi ake a telala akuyenda ngati thumba la makala, amayamba kukayikira lumo lake. Mzime ndi wasukulu, amagwira ntchito yoyeza madzi a m'mitsinje, ndipo za maonekedwe alibe nazo kanthu. Mayi Bulangeti ankadalira ameneyu kuti ndiye mnzawo pankhondoyi, mpaka tsiku limene anabwera n'kuwapeza akuchapa.

Anawauza kuti nsalu imeneyo si thonje kapena ubweya, ndi pulasitiki, m'bale wake wa mabotolo a zakumwa. Anati nthawi iliyonse akaichapa imayoyola tiulusi tosaoneka bwino, timatsata ngalande mpaka kumtsinje, nsomba zimatimeza, anthu n'kudya nsombazo. Mayi ake anaseka mpaka misozi, amvekere sukulu yambiri imaonetsa mizukwa m'beseni. Mzime sanalimbane nawo. Anangotenga kansalu koyera, kusefa madzi ochapirawo pang'onopang'ono, n'kuwaonetsa. Pakansalupo panali tiubweya taolenji, tambirimbiri, tonyezimira padzuwa.

Kutsutsa galu n'kukumba, ndipo mwanayu anali atakumba. Mayi Bulangeti zinawapweteka, chifukwa si munthu wotaya zinyalala paliponse. Kuyambira tsikulo anasintha kachapidwe. Jekete ankangoiyanika pachingwe kuti ipitidwe mphepo, ikada kwambiri ankaichapa m'madzi ozizira osaifikisa mwamphamvu, madziwo n'kuwasefa ndi pilokesi yakale, tiubweyato n'kutitsekera m'botolo. Mzime anayamikira koma anati sizokwanira, tina timadutsabe. Mayi ake anavomera kuti n'zoona, timadutsadi. Kenako anakweza zipi.

Zinthu zinafika povuta pamene mzime anaitanidwa kukayankhula pamsonkhano waukulu kuhotela, za mapulasitiki a m'madzi, pamaso pa akuluakulu ndi ojambula zithunzi. Anafuna mayi ake akakhalepo, ndipo mayiwo anafunitsitsa kupita, poti maphunziro amenewo anachokera m'zala zawo zouma zija. Koma panali pempho limodzi, loti jekete itsale kunyumba. Apa ndi pamene ana aja, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anamwera chikho chimodzi. Anagula juzi yaubweya weniweni wa nkhosa, yakhofi, yolemera, yooneka kuti mwini wake ali ndi ana. Lamulungu lina mayi awo atapita kukaona wodwala, jekete ili pachingwe, chisamba anabwera n'kuiyanula. Mayi pobwera anapeza chingwe chili mbee, juzi itayalidwa bwinobwino pabedi. Atafunsa, anauzidwa mwaulemu wonse kuti asadandaule, chakalecho chapita koyenera.

Sanakalipe, ndipo zimenezi zinawaopsa anawo kuposa kukalipa. Mawa lake anavala juzi ija n'kupita kuntchito. Inkawayabwa m'khosi ngati chitedze, ikamwa chinyezi cha m'chipinda chija inkalemera n'kumanunkha nkhosa yonyowa, ndipo sinali ndi zipi. Anzawo anaiyamikira, koma anasowa dzina lowaitanira, ena mpaka anangoyamba kuwakodola ndi dzanja. Chimene chinawawawa kwenikweni sichinali kuyabwako. Ankati akadziona pagalasi la kuchimbudzi, ankaona mayi uja wobwezedwa pageti kuti akasite bulauzi. Anadzifunsa kuti kodi anaika mwamuna m'manda kuti adzalamulidwe ndi ana obereka okha? Mumtima anatsimikiza kuti kumsonkhanoko sapita. Ndipo atatsimikiza choncho chakudya chinasiya kukoma, chifukwa tsiku limenelo analidikira zaka zambiri.

Ana aja anakonza zonse mwanzeru, koma anaiwala kuti aliyense ali ndi matenda a ntchito yake. Mzime anali atalamula kuti jekete isatayidwe kudzala kapena kuotchedwa, chifukwa ikathera mumtsinje momwemo kapena mumpweya. Chisamba naye ndi telala, ndipo telala sataya nsalu. Ali ndi matumba a tizidutswa tosakwana n'chikhatho chomwe, akuti tidzagwira ntchito tsiku lina. Ndiye jekete yathunthu, ya zipi yamoyo, dzanja lake likanaiponya bwanji? Anaipereka kwa mlonda wa pamashopu pomwepo, bambo wachikulire amene ankamumvera chisoni ndi mphepo.

M'mawa wina mayi Bulangeti anadzera kushopuko asanapite kuntchito, poti chisamba ankaumirira kuti akayese diresi la kumsonkhano. Shopu inali isanatsegulidwe. Ali chiimire pakhonde anaona dzungu lija likuyenda kuchokera kuseri kwa mashopu, chigamba pachigongono, kabowo pamimba. Zinali ngati aona m'bale amene anauzidwa kuti anamwalira. Mlondayo anawapatsa moni mwaulemu, osadziwa kanthu, manja ali m'matumba a jekete yawo.

Kulanda chofunda kwa munthu wogona panja sakanatha, analeredwa bwino. Anangovula juzi ija pomwepo pakhonde n'kuitambasula.

"Bambo, tisinthane. Imene mwavalayo ndi yanga."

Mlonda anayang'ana juziyo, anaikhudza ndi chala chimodzi, n'kubwerera m'mbuyo. Anati chinthu chokongola chotere iye sangachithe, anthu adzati waba, komanso yakaleyi yamuzolowera kale.

"Tengani, iyi ndiye yabwino. Akutero ndi ana anga, ndipo ndi ophunzira. Ine ndine mbuli, ndipatseni yoipayo."

"Nanga adona amene anandipatsa akandifunsa ndidzati chiyani, mayi?"

"Mudzati mwini wake anabwera."

Anasinthana. Jekete inali ikununkha utsi wa moto wa alonda, koma itangokhudza mapewa, mayi Bulangeti anamva ngati alowa m'nyumba mwawo atachoka paulendo wautali. Diresi anakayesa tsiku lina, jekete itabisidwa m'chikwama, ndipo mlonda anasunga pakamwa pake.

Tsiku la msonkhano anavala diresi lija. Kunena zoona linali lokongola, chisamba ntchito amaidziwa. Anavalanso nsapato zatsopano, anamanga duku bwinobwino, kenako pamwamba pa zonsezo anaponyapo jekete. Pakhomo la holo chisamba atawaona anangoti kukamwa yasa. Anawakokera pambali n'kuyamba kunong'ona mwaukali kuti akufuna kuwachititsa manyazi, kuti avule msanga ayiike m'chikwama, anthu asanaone. Mayi ake maso awo anali pa mzime, amene ankabwera ndi mapepala m'manja, atavala kadiresi kopyapyala, nkhope itasintha.

"Amayi, mwachita dala," anatero mzime.

"Ndachita dala, mwana wanga. Zonse unandiuza ndinazimva, ndipo sunaname. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'chipinda chija mumalowa ine, mapewa ndi anga. Ukafuna ndibwerera pompano, sindikwiya, ndikakudikira kunyumba. Koma kulowa, ndilowa chonchi."

Anayankhula molimba, koma ankaopa kwambiri. Ankadziwa kuti mwanayu ndi wouma mutu ngati iwo omwe, ndipo akanatha kunena kuti pitani. Akanapitadi, ndipo chinthu china pakati pawo chikanathyoka osadzalumikizikanso.

Nthawi yomweyo bwana wa mzime, bambo wa suti ndi kabaji pachifuwa, anaima pafupi n'kuyang'ana jekete ija kuchokera kukolala mpaka kumkombero, kenako anafunsa ngati mayiwa akusowa khomo la kukhitchini. Mzime anatembenuka n'kumuyang'ana bwanayo m'maso.

"Awa ndi mayi anga. Akhala kutsogolo."

Anawagwira pamkono, pachigamba penipeni, n'kuwadutsitsa pakati pa masuti onse aja mpaka mzere woyamba. Chisamba anatsatira m'mbuyo atazolika, ngati akuperekeza maliro.

Mzime anayankhula bwino, mopanda kunjenjemera, ndipo mayi ake ngakhale sanamve mawu onse anaona kuti akuluakulu akulemba. Chakumapeto anaonetsa pakhoma chithunzi chachikulu cha tiulusi taolenji topiringizana ngati mizu. Anati timeneti sanakatitenge kutali, tinachokera m'beseni la kwawo, mujekete ya mayi ake omubereka. Anati mayiwo amasefa madzi, amachapa mwa apo ndi apo, koma kuvula anakana, ndipo iye ndi maphunziro ake onse wawalephera. Anawonjezera kuti ngati tikufuna anthu ogwira ntchito m'malo ozizira asiye nsalu imeneyi, tiyambe tawapezera ina yofunda chimodzimodzi, chifukwa kuwanyoza kokha iye wayesa, sikugwira.

Anthu anaseka n'kuyamba kusuzumira kuti awaone. Mayi Bulangeti sanadikire kuti awafufuze. Anaimirira, anatembenukira holo yonse kuti aliyense aone chigamba ndi kabowo komwe, n'kukweza zipi pang'onopang'ono mpaka pachibwano. Ojambula anajambula. Iwo sanaseke, anangokhalanso pansi n'kupinda manja.

Potuluka kunja kunali mphepo yamadzulo. Chisamba anatsogola kukafuna galimoto, akudandaulabe kuti diresi lake silinaoneke pachithunzi chilichonse. Mzime anayenda pambali pa mayi ake, mapepala atawapanira pachifuwa, khungu la m'mikono litachita tsembwe. Mayi ake anamugwira dzanja n'kupeza lili zii ngati nkhuku za kuntchito. Analitenga n'kulilowetsa m'thumba la jekete, pamodzi ndi lawo.

"Ndi pulasitikitu imeneyi," anatero.

"Ndikudziwa, amayi. Tangoyendani."

Dzanjalo sanalitulutse mpaka anafika pamsewu.