Ndinaimitsa maliro kuti ndege itere

Chaka cha 2004 ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndisanalembedwepo ntchito. Ndinkadziwa khasu basi. Kwathu ndi kwa Zingalume, koma ndinkakhala pachikamwini kwa akazi anga a Nabanda, chakufupi ndi Pembamoyo. Kuseri kwa mudzi wawo kampani ina yogula thonje inali italambula bwalo la ndege zing'onozing'ono. Ankafuna munthu wotchetcha udzu, wotha kuwerenga manambala m'Chizungu. Ine sukulu ndinalekeza giredi sikisi. Zinakwana.

Bwana wanga anali a Tembo. Ankakhala pansanja, kanyumba kamatabwa kokwezeka pamitengo, momwe munali wailesi yolankhulira ndi oyendetsa ndege. Ine anandipatsa chikwakwa, fosholo, wilibala, mbendera yofiira, ndi wailesi ya m'manja ija anthu amati ovaova. Tsiku loyamba anati, “Ndikakuuzani chinthu, muzibwereza mmene ndanenera. Mukangoti chabwino, ine ndiyesa simunamve.” Ndinaona ngati akundiyesa mwana. Kenako ndinamva kuti oyendetsa ndege nawonso amabwereza mawu a a Tembo, azungu ndi akuda omwe. Ndinasiya kung'ung'udza.

Msewu wa ndege unali wa gelevulo, dothi la timiyala, ndipo pakati pake panali kamtunda. Munthu wa pansanja sankaona mbali ya kum'mawa. Maso a a Tembo kumeneko ndinali ine. Ndege isanabwere ndinkayenda msewu wonse, kutola miyala, kukwirira maenje, kupirikitsa mbuzi. Ndikafika kumapeto ndinkati, “Kum'mawa kulibe kanthu.” Iwo ankabwereza, kenako n'kuloleza woyendetsa kuti atere. Akaloleza, ngakhale nkhuku isadutse.

Tsiku lonse ndinkakhala ndekha. Mitengo anadula yonse, mthunzi panalibe. Choyang'ana chinali thumba la nsalu lopachika pamtengo, losonyeza kumene mphepo ikupita. Masiku ambiri mawu amene ndinkalankhula anali a pawailesi okha.

Dzinja lachiwiri madzi anakumba chigwembe kumapeto a kum'mawa. A Tembo anatseka mbali imeneyo. Ndinasungunula laimu m'ndowa, n'kulemba mitanda ikuluikulu yoyera pansi kuti wa m'mwamba aone kuti pano sipotera. Pamalire tinaika migolo yopaka utoto woyera. Ndege iliyonse ikamayandikira, a Tembo ankauza woyendetsa kuti msewu wafupika, utali wotsala ndi uwu, kum'mawa n'kotseka. Woyendetsa akapanda kubwereza utaliwo, ankamuuzanso mpaka abwereze.

Anandichenjeza ine padera. “Kotsekako n'kotsekera ndege yomwe ikumvera. Ikaterereka pamatope, migolo siyiimitsa. Kuseri kwa migolo muzikuyesa msewu ndithu.”

Anthu a m'mudzi anaona mwina. Kuseri kwa migoloko n'kumene kunkadutsa njira yakale ya kumanda, bwalo lisanabwere. Chibwerere bwalo ankazungulira kudambo, kutali. Ataona mitanda anati ndege zawasiya malowo, abwerera kwa eni ake. Tsiku lopanda ndege ndinkafunsa pansanja, a Tembo n'kulola, anthu n'kudutsa.

M'mwezi wa Febuluwale anamwalira a Chimwala, malume awo a akazi anga, eni mbumba. Ndi iwo amene anandipatsa munda ndi malo omangapo nyumba. Ndinagona pasiwa. M'mawa ndinapita kukapempha kuti ndikaike nawo maliro. A Tembo anati kukubwera ndege masana, ndipo wina woima kum'mawa palibe. “Ikatera muthamange mukaponye dothi.” Ndinauza alamu anga a Yohane, mlongo wawo wa akazi anga, kuti maliro adzere kudambo. Koma kudambo kunali madzi ofika m'chiuno, nanenso ndinkadziwa.

Mvula inagwa m'mawa wonse, n'kukata. Ndinayenda msewu, ndinanena kuti kum'mawa kulibe kanthu, a Tembo anabwereza. Posakhalitsa ndinamva nyimbo ya akumpingo. Anatulukira m'chimanga, adzukulu patsogolo atasenza bokosi pamapewa, khamu pambuyo. Nthawi yomweyo ndinamva kulira kwa ndege chakumadzulo.

Ndinatsegula wailesi. “Nsanja, ndasintha mawu. Kum'mawa kukubwera maliro, akufuna kudutsa.”

“Maliro akufuna kudutsa kum'mawa. Ndi anthu angati?”

“Mudzi wonse. Okalamba ali m'mbuyo, sanatuluke m'chimanga.”

Ndinamva a Tembo akulankhula Chizungu ndi woyendetsa. Anabwerera kwa ine. “Akuti kumbuyo kwake kwatseka mvula, ndipo mafuta ozungulira mpaka mudzi wonse udutse alibe. Atera tsopano, molunjika kwanuko, msewu uli wonyowa. Muwaimitse.”

“Ndiwaimitse,” ndinabwereza.

Kwathu kuno maliro saima panjira. Bokosi likanyamuka panyumba limakatsikira kumanda. Ngakhale galimoto ya boma imapatuka. Ine ndinali mkamwini, munthu wobwera, woyenera kukhala kumbuyo ndi khasu lokwirira. Ndinaima pakati pa njira, n'kukweza mbendera yofiira.

Nyimbo inaduka. A Yohane anabwera kutsogolo.

“Alamu, mwaledzera?”

“Ndege ikutera. Dikirani pang'ono.”

“Mitanda munalemba ndinu. Kuno ndege sifika.”

“Ikaterereka ifika.”

Mdzukulu wina anati, “Mapewa atopa, bambo wa mbendera. Kapena tiwatsitse a Chimwala pamatopepa, muwafotokozere nokha za ndege yanu?” Ena anaseka pang'ono, kuseka kwa mkwiyo.

A Yohane anatsitsa mawu. “Amene ali m'bokosimu ndi amene anakupatsani pogona. Chokani.”

Ndinati, “Mukadutsa, mudutsa pa ine.”

Akanatha kundikankha. Sanatero. Anaima, bokosi lili pamapewa, azimayi atasiya kulira. Akazi anga ndinawaona m'khamumo atafunda chitenje kumutu, akuyang'ana pansi.

Ndege inatera bwinobwino. Inathamanga, inawaza madzi, inaima kutali ndi migolo, n'kutembenuka kupita kunsanja. Palibe chimene chinachitika. Anthu onse anaona ndi maso awo kuti kuseri kwa migolo sikunafike ngakhale dontho la matope.

Wailesi inati, “Ndege yachoka pamsewu. Adutse.”

“Adutse,” ndinabwereza, n'kutsitsa mbendera. Anadutsa osandiyang'ana. Nyimbo sanaiyambenso. Nditabweza wailesi ndinathamangira kumanda, ndinapeza atakwirira kale.

Atatha kumeta, abale a akazi anga anandiitana pakhonde la a Yohane. Mlandu sunatalike. Anati ndinachititsa manyazi malemu pamaso pa midzi itatu chifukwa cha ndege imene sinafike n'komwe. Anati ndipepese, ndinene kuti ndinalakwa, ndisiye ntchitoyo. Ndinati kupepesa chifukwa cha chisoni chawo ndipepesa, koma kunena kuti ndinalakwa sindinena, chifukwa likanabweranso tsikulo ndikanaimanso pomwepo. A Yohane anati, “Ndiye nyamulani mphasa yanu.” Ndinafunsa akazi anga ngati anditsata. Anati, “Ndipite kuti? Kwathu ndi kuno.” Ana ndi a kuchikazi. Anatsala.

A Tembo anandilola kugona m'kanyumba kosungira laimu ndi mawilibala. Ndinakhala mmenemo mpaka kampani inasiya bwalolo. Madzi ndinkatunga anthu atachoka pachitsime. Maliro akamadutsa tsiku lopanda ndege ndinkavula chipewa, ndili patali. Lero ndili kwathu kwa Zingalume, m'nyumba ya ndekha, ndipo pamsewu wa ndege paja amalimapo mtedza.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti ntchito imeneyi ukaigwira bwino palibe chooneka. Anthu amangoona munthu wouma mutu ali ndi mbendera. Amene akuifuna adziwiretu zimenezo.

Tsiku limenelo m'ndege simunavulale munthu, pansi sipanafe wina kuwonjezera pa amene anali m'bokosi. Ine ndinataya mkazi mmodzi, ana atatu, munda umodzi ndi nyumba yomanga ndi manja anga.